Mphere Zolambalala Apongozi

Padangokhala, ndipo amene muli nane vomerani kuti tili tonse, Pusi wina amene anakakwatira kumudzi kwa anyani. Abale ake anamuletsa, iye osamva. Anali ataona Mwatitha, namwali wachinyani wa maso aulemu, ndipo mutu unali utazungulira kale. Anakalowa chikamwini, namanga kanyumba kake kumapeto kwa mudzi, nabereka naye ana awiri.

Chikamwini ndi ntchito, abale anga. Pusi ankalima, ankafolera madenga a eni mudzi, ankaseka nthabwala zosaseketsa za a Chipumi, atsibweni a mkazi wake, amene anali mwini mbumba. Koma lamulo lolemera kuposa onse linali la apongozi ake, a Nankhoma. Mkamwini sayang'ana apongozi kumaso, salankhula nawo maso ndi maso, ndipo akakumana nawo panjira amapatukira kutchire. Pusi anapatuka kambirimbiri moti minga ya m'mudzimo inkamudziwa bwino.

A Nankhoma anali namkungwi, mayi wotchuka ndi ukhondo. Ankasesa pakhomo mpaka nyerere kusowa chotola. Zidzukulu zonse zinkagona kwawo, pamphasa imodzi, m'gombeza limodzi lalikulu limene anasiya malemu amuna awo.

Tsono chaka china m'mudzimo munagwa kuyabwa. Kunayamba ndi ana, m'mipata ya zala, m'khwapa ndi m'chiuno. Kenaka kunagwira amayi awo, kenaka abambo, mpaka mudzi wonse unkangomveka kwe! kwe! kwe! ngati akupala chinangwa. Pusi naye sizinamusiye.

"Mphere ndi matenda a auve," anatero a Nankhoma mokweza, atafunda nsalu yawo mpaka m'khosi. "Ine chibadwire sindinadzikandepo ngati galu. Muno munalibe zimenezi tisanayambe kulandira alendo a michira italiitali."

Mawu amenewo sanagwe pansi. Amayi apamtondo anawatola n'kupeka nyimbo. Wotsogolera ankafunsa chimene mlendo anabwera nacho m'phukusi lake, ovomera n'kumayankha kuti sunali mchere, sunali mkanda, koma timbewu tomera pakhungu la eni mudzi. Minsi inkagunda ndendende pamene atchula mlendo. Inali nyimbo yokoma, ndipo chimene chinkamuwawa kwambiri Pusi n'chakuti ana ake omwe ankaiimba posewera.

A Chipumi anamuitana, akudzikanda m'nthiti.

"Akamwini, mphere izi n'zanu."

"Zanga bwanji, atsibweni? Ine muno ndakhalitsa."

"Zinali zitagona m'phukusi. Muzichotse. Tikadzakolola zisanathe, phukusi lanulo mudzalipeza panja. Ana ndi athu, zimenezo mukuzidziwa."

Pusi anazidziwa. Mkamwini akapirikitsidwa amatuluka ndi khasu lake lokha. Anachita mantha, mantha enieni, ndipo m'mawa mwake anathamangira kwa Kakowa, sing'anga wa khungu, uja amavala zoyera nthawi zonse ngati sanagwirepo ntchito yakumunda.

"Wandilodza ndani?" anafunsa Pusi asanapereke n'komwe moni.

"Tambasulani zala."

Kakowa anapendeketsa mutu, nayang'anitsitsa, natola ndi nsonga ya mlomo kanthu kochepa kuposa fumbi.

"Mfiti yanu ndi iyi. Kachilombo aka kamakumba kanjira pansi pa khungu n'kuikiramo mazira. Thupi likazindikira kuti mwalowa mlendo limakwiya, ndipo mkwiyo umenewo ndiye kuyabwako."

"Ha! Nalonso thupi limadana ndi alendo?"

"Alendo okumba."

"Ndiye ndikamakanda kwambiri kamafa?"

"Mumafa ndinu. Kukanda kumakoma chifukwa ululu wa chikhadabo umaphimba kuyabwa kanthawi. Ululu ukatha kuyabwa kumabwerera, khungu litang'ambika, mafinya n'kuyamba. Wengani zikhadabo." Kakowa anatulutsa mphika wa mafuta onunkha ngati dzira lowola. "Mudzole kuyambira m'khosi mpaka kuphazi, osasiya pena. Mudzole nonse tsiku limodzi, woyabwidwa ndi wosayabwidwa yemwe, poti kachilomboka kamatha kukhala mwa wina nthawi ndithu iye asanamve kanthu. Mphasa ndi zofunda muziviike m'madzi owira, muyanike padzuwa. Mukasiya mmodzi mwasunga mbewu."

Pusi anasenza mphika. Anyani anadzola akutukwana fungo, mphasa zinayanikidwa mudzi wonse. Kwa apongozi anatuma mkazi wake, monga mwa mwambo. Mwatitha anabwerako ndi mphika uli chomwecho.

"Akuti mankhwala amadzola wodwala. Akutinso gombeza la malemu silitulutsidwa panja ngati chiguduli."

"Koma Kakowa anati tonse."

"Pitani mukawauze nokha."

Kupita yekha Pusi sakanatha. Kuyabwa kunachepa, kunachepa, mpaka nyimbo ija inagona. Mwezi wina utaoneka, ana anayambiranso kukanda, ndipo nyimbo inadzuka ili ndi ndime yatsopano, yonena kuti mankhwala a mlendo ali ngati mwini wake, ntchito palibe koma kununkha kokha.

Apa mudzi unaipa. Aliyense ankayang'ana manja a mnzake asanapereke moni. Pusi anayamba kukayikira Kakowa kuti mwina anasungunula mankhwala ndi madzi kuti odwala azibwerera. Anakayikira alamu ake kuti anangodzola pooneka pokha. Ndipo naye ankakayikiridwa m'nyumba mwake momwe.

"Kodi kwa Kakowa kuja mumafikadi kwa Kakowa?" anafunsa Mwatitha tsiku lina, osamuyang'ana.

"Ukutanthauza chiyani?"

"Anzanga akuti mphere zimayenda ndi mphasa. Ndiye ndikufunsa kuti mphasa ya yani ikukupatsani zimenezi, inu n'kumatibweretsera."

Mawuwo anamubaya Pusi kuposa nyimbo. Anabwerera kwa Kakowa, namuuza kuti mankhwala ake ndi abodza.

"Munadzola nonse?" anafunsa Kakowa.

"Tonse oyabwidwa."

"Sindinafunse zimenezo."

Pusi anatenga mphika wachiwiri, wokulirapo. Ulendo uno anaimirira yekha, n'kumayang'ana kuti aliyense wafikitsa mafuta kuseri kwa mawondo ndi pansi pa mchira. A Nankhoma anakananso, nawonjeza kuti fungolo lisafike pakhomo pawo. Mafuta otsala Pusi anawaika pakhonde. M'mawa mwake anapeza mafuta atachepa, pamwamba pali mizere ya zala zazitali zowonda. Anafunsa mkazi wake, anafunsa ana, onse anakana. Ndiye kuti m'mudzi muli wakuba mankhwala, Pusi anaganiza, koma wakuba chinthu chimene chikugawidwa chaulere ndi wakuba wamtundu wanji?

Chimanga chinayamba kuuma, ndipo mphere zinabwereranso. Ndime yachitatu ya nyimbo inali yotsanzikana ndi mlendo, yomufunira ulendo wabwino. A Chipumi anasiya kuyankha moni wake.

Tsiku lina Mwatitha anabwera ndi uthenga woti nkhokwe ya amayi ake yapendekeka, akamwini akaikonze asanachoke. Mwamva? Asanachoke. Pusi anatenga nkhwangwa, nazungulira kuseri kwa nyumba ya apongozi, kumene sikupita aliyense. Atagwira nsanamira imodzi, dzanja linaterereka. Mtengowo unali wosalala, wonyezimira ngati mpini wa khasu lakale. Pamfundo yake panakanirira ubweya wa imvi. Anaununkhiza, ndipo fungo linali lija la dzira lowola.

M'mudzi wonsewo wa imvi anali mmodzi.

Pusi anakhala pansi. Zonse zinalumikizana. Apongozi ake ankayabwidwa kuyambira kale. Ankaba mafuta n'kumadzola mobisa pamene dzanja lafika, pakati pa msana n'kumakhula pansanamira. Gombeza sakanaliyanika, poti kuliyanika kukanakhala kuvomera. Zidzukulu zikachira zinkakalowa m'gombeza lomwelo, n'kutuluka ndi mbewu yatsopano. Poyamba Pusi anapsa mtima. Kenaka anaganizira mayi wokalamba akukhula msana pamtengo yekhayekha, akuopa kuonedwa, ndipo anawamvera chisoni. Koma chisoni sichikanamusungira banja.

Anayesa kuuza mkazi wake.

"Amayi anga? Mphere?" Mwatitha anaimirira. "Mukabwerezanso, phukusi lija ndimanga ndine."

Anathamangira kwa Kakowa.

"Bwerani mudzanene pagulu kuti mwaombeza, mwaona kuti ndi iwowo."

"Ine sindiombeza. Ndimachiza amene watambasula dzanja."

"Bodza laling'ono chabe."

"Mphika wachitatu ndibweretsa ndekha tsiku limene munene. Bodza mukafune kwina."

Pusi anabwerera akuyenda pang'onopang'ono. Kunena sakanatha, kuloza sakanatha, ngakhale kuyang'ana sakanatha. Pofika pamudzi anali akumwetulira, ndipo amene amadziwa apusi amadziwa kuti kumwetulira koteroko sikukhala kwachabe.

Anapita kwa a Chipumi atagwira chipewa kumanja.

"Atsibweni, ndalephera. Itanani mudzi mawa dzuwa lili paliwombo, nditsanzike mwaulemu. Tidzayesenso kotsiriza kuwiritsa mphasa, kuti ndisachoke ndi mbiri yoti sindinayese."

A Chipumi anavomera msanga, mwina msanga kwambiri.

M'mawa mwake Pusi anasonkha moto waukulu pabwalo, natereka mitsuko ya madzi. Mpando wa apongozi anauika yekha, malo aulemu, patsogolo pa onse, pamene panalibe mthunzi ndiponso pafupi ndi moto. Kakowa anafika ndi mphika wake naima pambali. A Nankhoma anafika atafunda nsalu mpaka m'khosi, manja ali m'kati. Pusi anakhala chowafulatira, monga mwambo ufunira.

"Eni mudzi," anayamba, "ndabwera kudzapepesa. Munkanena kuti mphere izi si zachabe, ine n'kumatsutsa. Dzana ndinapita kutali kwa woombeza ula. Akuti munkanena zoona. Mphere izi n'zotumiza, ndipo wotumizayo ali pabwalo pano."

Kakowa anatukula mutu. Bwalo lonse linachita phokoso.

"Ndani? Mutchuleni!" anakuwa a Chipumi.

"Dzina sanatchule. Anangoti mphere zimadziwa mbuye wawo. Zimaluma onse, koma iye zimamulambalala."

Atatero Pusi anakweza mkono, nayamba kudzikanda m'khwapa mwakhama, kwe! kwe! kwe!

Abale, simunaone kukanda ngati kwa tsiku limenelo. A Chipumi anakweza manja onse awiri kuti aliyense aone m'khwapa mwawo. Amayi amene ankabisa zilonda anayamba kuzionetsa ngati mikanda yatsopano. Wina amene anali atachiradi anadzikanda mpaka kutuluka magazi, akulumbira kuti iye ndiye wodwalitsa. Aliyense ankakanda diso lili pa mnzake.

Kenaka phokoso linayamba kuzilala. Maso anachoka kwa uyu, anachoka kwa uyo, n'kukasonkhana pampando wapatsogolo. Mudzi wonse unali utamva, osati kamodzi, amene ankanyadira kuti chibadwire sanadzikandepo.

"Paja gombeza lawo silituluka panja," wina ananong'ona.

"Muli chiyani m'menemo?"

Pusi anamva mwala ukuzulidwa pansi. Anamva wina.

"Amayi!" analira Mwatitha. "Amayi, kandani! Kandani ngakhale pang'ono!"

"Sindikuyabwidwa," anayankha a Nankhoma, mawu ali phee.

Pusi anaona kuti walakwitsa. Iye ankayesa kuti mayiyo akapanikizika asankha mphere kusiyana ndi ufiti. Sanadziwe kuti alipo ena amene angalole kuponyedwa miyala kusiyana n'kutchedwa auve. Msampha umene anatchera kuti apulumutse banja lake unali pafupi kupha agogo a ana ake, ndipo kutembenuka kuti awachonderere sakanatha.

Ndiye anayamba kuimba. Anaimba nyimbo yomwe ija yomunyoza, yofunsa za phukusi la mlendo, ndipo amayi, poti pakamwa panali patazolowera, anavomera asanaganize. M'malo mowomba m'manja Pusi ankakanda motsata nyimbo, onse n'kumutsanzira. Kenaka anaisintha. Anaiimba pang'onopang'ono, akutchula malo amene timbewu tija timamera, limodzilimodzi: m'mipata ya zala, bwalo lonse kwe! kwe!, m'chiuno mozungulira, kwe! kwe!, kuseri kwa mawondo. Potsiriza anafika pakati pa msana, pamene dzanja silifika, ndipo pamenepo anakhazikikapo. Anaimba za kachilombo koyenda pamenepo osafulumira, kokumba, koima, koyambiranso. Anabwereza, nabwereza.

Kuyabwa kumalowera m'maso ndi m'makutu, inunso mukudziwa. Tsono onjezanipo dzuwa la paliwombo, moto pambali, ndi thukuta lotsikira m'nsalu yokhuthala.

Pusi sankaona kanthu, ankangomvetsera. Kumbuyo kwake mpando unalira. Unaliranso. Kenaka unagwa, mapazi anathamanga, ndipo panamveka mtondo ukugwedezeka ndi kubuula kwakutali, kubuula kwa wina amene wapeza chimene wakhala akuchilakalaka miyezi yambiri. A Nankhoma anali atatsamira mtondo, akukhula msana uku ndi uku, maso ali chitsinzinire, nsalu ili pansi.

Nthungululu inasweka.

"Si mfiti! Ali nazo!"

"Taonani msanawo! Ali nazo kuposa tonsefe!"

Miyala inagwa pansi. Amayi anzawo anawakumbatira, kuwayamikira chifukwa cha mphere zawo. Nthawi yomweyo Kakowa anatsegula mphika, ndipo mudzi wonse unadzola, woyamba a Nankhoma. Mwatitha ndiye anawadzoza pakati pa msana, akulira poona mmene zilonda zinakulira. Gombeza la malemu linatulutsidwa n'kulowa mumtsuko wowira. Mwini wake anayang'ana kumbali, misozi ikutsika.

Zikanathera pomwepo zikanakhala bwino. Koma a Chipumi, amene nzeru zinkawafikira mochedwa, anaima ali noninoni ndi mafuta.

"Dikirani. Ngati tonse tikuyabwidwa, nanga wotumiza uja ndani? Paja akuti ali pabwalo pano."

Maso anayambanso kuyenda. Anayenda, anayenda, mpaka anakaima pa Kakowa, woyera mbee, wosalala, amene chifikire sanadzikande ngakhale kamodzi.

"Ndiye chifukwa chake mankhwala ake sankatha ntchito!"

"Amatidwalitsa kuti tizimufuna!"

Kakowa anayang'ana Pusi. Pusi anatsegula pakamwa. Akanati woombeza kunalibe, phukusi lake likanatuluka tsiku lomwelo. Anaona ana ake awiri atagwira miyendo ya amayi awo, ndipo anatseka pakamwa paja.

"Kuyabwa kupitirira pang'ono ngakhale tizilombo tafa," anatero Kakowa mosakweza mawu. "Thupi limachedwa kuiwala mkwiyo. Musakande, ndipo musati mwalodzedwanso." Mwala woyamba unamuphonya. Anauluka, napita kukakhala pakati pa ng'ombe, zimene sizifunsa kuti wazilodza ndani.

Zinachitika monga ananenera. Kuyabwa kunapitirira pang'ono, kenaka kunatha, osabwereranso. Anakolola, ndipo phukusi la Pusi silinatuluke panja. Mwatitha anamupepesa za mphasa ija. Nyimbo nayo inafa, poti panalibenso woifuna.

Tsiku lina Pusi akukonza mpanda wa apongozi, anamva mawu kuseri kwa mabango. A Nankhoma ankalankhula ndi nkhuku yawo.

"Nkhuku iwe, ukawauze bambo a ana aja kuti woombeza wawo ndikumudziwa. Ali ndi nkhope yakuda ndi mchira wautali."

Pusi anasiya kumanga. Mawu amodzi a mayiyu kwa a Chipumi akanakwana kumuchotsa pamudzi. Anayang'ana nkhwangwa yake.

"Nkhwangwa iwe, ukawauze agogo a ana kuti nsanamira ya nkhokwe ndinaisintha. Yakale ija ndinasonkhera moto. Palibe anaiona."

Kenaka pansi pa mpanda panatulukira kalichero ka mtedza wokazinga, kakukankhidwa ndi zala zazitali zowonda.

"Nkhuku iwe," anatero mawu aja motsitsa, "mbalame yoyera ija tinailakwira."

Nkhuku sinayankhe, nkhwangwa nayo sinayankhe. Aliyense anabwerera ku ntchito yake.

N'chifukwa chake mpaka lero anyani amakhala pansi n'kumafufuzana m'ubweya, wina pamsana pa mnzake. Sing'anga alibe, ndipo wonena kuti sakuyabwidwa samukhulupirira. Pusi anakalambira pamudzipo, ana ake ali pafupi, khungu lili bwinobwino. Koma akangoona mbalame yoyera pakati pa ng'ombe, dzanja linkapita lokha kukhosi n'kuyamba kukanda, pamene panalibe mphere ngakhale imodzi.

Yanga yathera pamenepa. Amene mwadzikanda pomvetsera, ndakuonani.